Maina a m'Buku la Ubatizo: Sinodi ya Harare ndi Ana a Matchona



Buku la chikumbutso limakonda kuŵerenga njerwa. Limatchula chaka chimene tchalitchi chakuti chinamangidwa, mbusa amene anachitsegula, ndi chiŵerengero cha Akristu amene anadya Mgonero tsiku limenelo. Zimenezo nzoyenera, ndipo ziri ndi malo ake. Koma mau ano alunjika pa buku lina losaoneka bwino, losungidwa m'kabati ya mlembi wa mpingo, ndilo buku la ubatizo. Alunjikanso pa anthu amene maina awo ali m'menemo, koma m'mabuku a boma mulibe. Anthuwo ndiwo ana ndi zidzukulu za amuna a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique amene anadzutsa mipingo ya Sinodi ya Harare.

Chiyambi cha Sinodi imeneyi chisiyana ndi cha anzake. Pamene mishoni ya Livingstonia inayamba m'chaka cha 1875, ya Blantyre m'chaka cha 1876, ndi ya Mvera m'chaka cha 1889, amishoni ndiwo anayenda ulendo kukafuna anthu. Ku Salisbury anthu ndiwo anayenda ulendo kukafuna mbusa. Msonkho wa nyumba ndi kusoŵa kwa ntchito ya malipiro zinatulutsa anyamata m'midzi ya Nyasaland, naoloka Zambezi, kulinga ku migodi ndi ku mafamu a Azungu a ku Southern Rhodesia. Ena anatengedwa ndi Rhodesian Native Labour Bureau, imene anthu anaitcha chibalo. Ena anapita okha, a selefu. Pambuyo pake kunadza magalimoto a Ulere ndi bungwe la Mthandizi. Komiti ya boma la Nyasaland imene inafufuza za nkhaniyi m'chaka cha 1935 inayerekeza kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko.

Pakati pa khamu limeneli panali anthu ophunzira kuŵerenga pa sukulu za mishoni, ena obatizidwa, ena akalasi. M'chaka cha 1905 iwo anatuma anzawo kuyenda pansi kuchokera ku Salisbury kufikira ku Mvera, mtunda wa makilomita oposa 700, kukapempha mbusa. Yankho linachedwa zaka 7. Mbusa T.C.B. Vlok, yemwe uja anatsegula Mvera pamodzi ndi A.C. Murray, anafika ku Salisbury m'chaka cha 1912. Zaka 7 zimenezo zisapite padera pokumbukira, pakuti zichitira umboni kuti Eklesia analipo kale m'makomboni, wopanda mbusa, wopanda nyumba, wopanda thumba, koma ali ndi anthu osonkhana pa Sabata ndi kusamalana pakati pa sabata. Mipingo inakhazikika ku Salisbury, Gwelo, Bulawayo ndi Highfield, nikhala pansi pa Nkhoma kufikira chaka cha 1965, pamene inakhala Sinodi yachinai ya CCAP.

Mkristu wochoka ku Kongwe, ku Mlanda, ku Bandawe kapena ku Domasi ankanyamula mapepala aŵiri. Loyamba linali chitupa, chofunidwa ndi apolisi ndi kapitao. Chinanena za ntchito yake ndi za bwana amene anamlemba. Lachiŵiri linali kalata ya mpingo, yonena kuti munthuyu dzina lake ndi uje, anabatizidwa kwakuti, ndipo abale amlandire pa gome la Ambuye. Chitupa chinamuyesa dzanja logwira khasu kapena fosholo. Kalata ya mpingo inamuyesa mbale. Wofuna kumvetsa chifukwa chake anthu otopa ndi ntchito ya masiku 6 ankayendabe mtunda wautali kukapembedza, ayambire pa kusiyana kwa mapepala aŵiriŵa.

Mkulu wa mpingo wa m'komboni anasenza ntchito zimene kumudzi zikadagaŵidwa pakati pa nyakwaŵa, nkhoswe ndi adzukulu. Ndiye ankalembera osadziŵa kulemba makalata a kwawo, ndi kuwaŵerengera mayankho. Ndiye ankazonda wovulala ku chipatala cha mgodi, ndi kusunga ndalama za mnyamata woopa kuzimwera. Pakagwa maliro, iye pamodzi ndi amai a Chigwirizano ndi timabungwe ta maliro timene Anyasa anadziŵika nato, ankaona kuti mtembo usaikidwe ngati wa nyama, ndipo ankalemba kalata yoŵaŵa ija yopita kwa mfumu ya kwawo kwa womwalirayo. Buku Lopatulika litatuluka m'chaka cha 1922, Atonga, Atumbuka, Acheŵa, Angoni ndi Asena anamva Mau m'chinenero chimodzi m'dziko la eni. Ndipo pa 6 June 1972, pamene mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika nupha anthu 427, mwa iwo a ku Zambia, Mozambique ndi Malaŵi, mbiri ya imfa inafika ku midzi yambiri ya kutali podzera m'njira zomwezi za makalata ndi abale. Moyo wa mpingo wotere sunayembekeze komiti ya zachifundo kuti uyambe kuchita chifundo.

Komabe buku la chikumbutso lopanda choonadi ndi mwambo chabe, tsono mbali inayo iyenera kunenedwa. Lamulo la Masters and Servants la 1901 linayesa kuthaŵa ntchito mlandu wopita nawo ku ndende, ndipo linalamulira antchito a m'mafamu kufikira pafupi ndi ufulu wa 1980. Phoso linali lochepa, nyumba zothithikana, ndipo munthu akakalamba kapena kudwala chifuwa cha mgodi ankangotayidwa. Pa zimenezi liu la mabwalo a mpingo linali laling'ono. Bwalo linkadziŵa bwino kuŵeruza mlandu wa moŵa, wa chigololo, wa mitala ndi wa gule. Mlandu wa bwana womana malipiro sunali m'ndandanda wa milandu yozoloŵereka. Chifukwa chake nchodziŵika. Mlaliki ankaloŵa m'komboni ndi chilolezo cha mwini, ndipo kanyumba ka mapemphero kanali pa nthaka ya mwini; mlomo wodzudzula ukadatseketsa khomo. Chifukwacho chimveka, koma sichifafaniza mutu 5 wa kalata ya Yakobo, umene uphunzitsa kuti malipiro omanidwa kwa wokolola sakhala chete pamaso pa Mulungu.

Chodabwitsa nchakuti ana a sukulu za mishoni anaimva mbali imeneyi ya Malembo ngakhale pamene guwa linaidumpha. Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, wophunzira ku Livingstonia, anagwirako ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919. Pamene antchito a mgodi wa Shamva ananyanyala ntchito m'chaka cha 1927, ochuluka mwa iwo anali Anyasa. Eklesia anawapatsa kuŵerenga ndi ulemu wa munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Koma pofuna kunena za malipiro, anakanenera kubwalo lina.

Akale anati mlendo ndi mame. Mame aŵa sanakamuke. Ambiri anachona, nakwatira akazi a Chishona ndi a Chindebele, nabala ana m'makomboni. Apa pali mfundo imene abusa ayenera kuimvetsa, pakuti tsoka la pambuyo pake linamera pamenepa. Kwa Acheŵa ndi Ayao mwana ali wa kuchikazi. Mudzi wake ndi munda wake ziri kwa amalume. Kwa Ashona ndi Andebele mwana ali wa kuchimuna. Mudzi wake uli kwa atate. Tsono mwana wa bambo Mcheŵa ndi mai Mshona akapita kwa amake amuuza kuti kwanu nkwa atate ako, kutsidya la Zambezi. Akapita kwa atate amuuza kuti kwanu nkwa amai ako, ku Harare. Miyambo iŵiri yabwino, yosunga mwana ali yense pa yokha, itakomana inasiya mwanayu pabwalo. Mudzi wake unali komboni, ndipo mbumba yake inali mpingo.

Kuyambira chaka cha 2000 komboniyo inapasuka. Palibe nthumwi imene ingakane kuti nkhani ya nthaka ku Zimbabwe inali chosalungama chakale. Lamulo la Land Apportionment la 1930 linapatula pafupifupi theka la dziko kukhala la Azungu oŵerengeka, ndipo chilonda chimenecho chinayenera mankhwala. Koma pogaŵa mafamu, antchito oposa 300,000 amene anali m'menemo sanaŵerengedwe monga oyenera kulandira. Olandira malo mwa iwo anali ochepa ndithu, ndipo ambiri anataya ntchito, nyumba, sukulu ya ana ndi manda a makolo awo pa nthaŵi imodzi. Wokhala ndi mudzi anapita kumudzi. Mdzukulu wa mtchona analibe kopita.

Pamwamba pa zimenezi panadza lamulo la unzika la 2001. Linafuna kuti ali yense amene angathe kuyesedwa nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake, akakane unzika umenewo monga mwa malamulo a dzikolo, m'kati mwa miyezi 6. Akapanda kutero ataya unzika wa Zimbabwe. Munthu wobadwira pa famu ya ku Bindura kapena ku Chinhoyi, wosaonapo nyanja ya Malaŵi, anauzidwa kukakana chinthu chimene sanakhale nacho, ku ofesi ya kazembe imene sanadziŵe pamene iri, ndi ndalama zimene analibe. Zitupa za anthu otere zinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo, ndipo ambiri anachotsedwa m'kaundula wa zisankho. M'zaka zomwezo mtsogoleri wa dziko anawanyoza poyera monga anthu opanda mutupo, ndiko kuti opanda mfunda, ngati kuti Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe si mafunda. Ndipo m'mwezi wa May 2005 kunabuka Operation Murambatsvina, kugwetsa nyumba ndi misika m'mizinda. Nthumwi ya United Nations, Mai Anna Tibaijuka, anayerekeza kuti anthu 700,000 anataya nyumba, kapena ntchito, kapena zonse ziŵiri. Ogwetseredwa nyumba anauzidwa kubwerera kumudzi. Mipingo ya ku Bulawayo inatsegula matchalitchi kuti anthu agonemo m'nyengo ya chisanu, kufikira apolisi anadzawatulutsa. Umboni umenewo uyenera kukumbukiridwa ndi ulemu.

Kodi Malembo ati chiani pa munthu wotere? Chilamulo cha Mose sichimuika mlendo m'manja mwa mtima wabwino wa mwini mudzi. Pa Levitiko 19 ndi pa Deuteronomo 24 mlendo aikidwa pamodzi ndi wosauka, kapena ndi mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, napatsidwa zinthu zimene angaziitanitse: malipiro ake tsiku lomwelo, mlandu wake kuŵeruzidwa kosapotoza, khunkha la m'munda kukhala lake. Chifukwa choperekedwa nchakuti Israyeli nayenso anali kapolo ndi mlendo m'Aigupto. Apa pali kusiyana kwa chifundo ndi chilungamo. Chifundo chipatsa munthu chimene wopatsayo afuna. Chilungamo chimbwezera chimene chiri chake kale. Thumba la ufa kwa nkhalamba ya pa famu ndi chifundo, ndipo lisaleke. Chikalata cha kubadwa kwa mdzukulu wake ndi chilungamo.

Pa Machitidwe 6 dandaulo loyamba la m'kati mwa Eklesia linali la akazi amasiye olankhula Chihelene, amene anaiŵalidwa pogaŵa chakudya. Atumwi sanawauze kuti apirire. Anakhazikitsa udindo, ndipo amuna 7 osankhidwawo onse anali ndi maina a Chihelene, mmodzi wa iwo wopinduka wa ku Antiokeya. Udindo wa atumiki unabadwa chifukwa cha anthu a chinenero chachilendo amene anali kudumphidwa. Nzachisoni kuti m'mipingo yambiri lero mtumiki adziŵika ndi mbale ya chopereka ndi buku la mapangano basi.

Nawo makolo a Chipresbiterio anali alendo. John Calvin anali Mfalansa wothaŵa kwawo. Anafika ku Geneva m'chaka cha 1536, ndipo unzika wa mzindawo anaulandira m'chaka cha 1559, zitatsala zaka 5 kuti amwalire. John Knox anaŵeta mpingo wa othaŵa a ku England mu mzinda womwewo. Kumeneko kunakhazikitsidwa thumba la padera la othaŵa a ku France, losungidwa ndi atumiki, lopezera anthu pogona, zida za ntchito ndi maphunziro a ana. Pafupi ndi kwathu kuno, m'banja lomwelo la Dutch Reformed limene linatuma Vlok, munatuluka Chivomerezo cha Belhar, cholembedwa m'chaka cha 1982 ndi kulandiridwa m'chaka cha 1986, chimene chimanga pamodzi umodzi wa Eklesia, chiyanjanitso ndi chilungamo. Mbusa amene aopa kuti kunena za zitupa ndiko kuloŵa ndale, aŵerengenso mbiri ya mpingo wake womwe.

Lamulo tsopano linasintha. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, pa gawo 43, avomereza kuti munthu wobadwira m'dzikolo malamuloŵa asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko lina la SADC, ndipo iye anali kukhala m'Zimbabwe pa tsiku limene malamuloŵa anafalitsidwa, ali nzika mwa kubadwa. Ambiri anasinthitsa zitupa zawo, ndipo kalembera woyendayenda wa boma wa 2022 anathandiza enanso. Koma lamulo lolembedwa silifika lokha ku komboni. M'chaka cha 2021 bungwe la Amnesty International linafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu ambiri anali akadali opanda zikalata, natchula chiyerekezo cha United Nations cha anthu pafupifupi 300,000 okhala pa ngozi yosoŵa dziko. Mwa iwo muli zidzukulu za matchona, mulinso ana a anthu ophedwa ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980. Vutoli limayenda m'magazi ngati nthenda ya kumtundu. Agogo analibe chitupa, chotero mai sanalembedwe. Mai alibe chitupa, chotero mwana sangalembedwe. Mwana wopanda chikalata cha kubadwa avutika kulemba mayeso a boma. Akakula alephera kutenga chitupa, kupeza ntchito yolembedwa, kutsegula buku ku banki, ngakhale kuponya voti.

Apa ndipo buku la ubatizo liloŵera. Pa mwana wobadwira kunja kwa chipatala, mwa maumboni amene ofesi ya kalembera imatchula muli kalata ya ubatizo ndi mboni yokhala ndi chitupa. Pa mwana wobadwira pa famu itchulanso kalata ya mwini famu. Mwini famu uja anachoka kalekale, ndipo mabuku ake anamwazika. Koma mbusa woyendera mafamu pa njinga analemba dzina la mwana, maina a makolo ake, tsiku ndi malo. Analemba poganizira za pangano la chisomo, osati za ofesi ya boma. Koma mzere umenewo mwina ndiwo umboni wokha wotsala pa dziko lapansi wakuti munthuyu anabadwira m'Zimbabwe. Kalata ya ubatizo pa yokha sipatsa munthu unzika, ndipo abusa asalonjeze zimene sangathe. Koma itsegula khomo la ofesi, ndipo mkulu wa mpingo wokhala ndi chitupa angathe kuima pambali pa mwanayo monga mboni.

Chotero ntchito iri poyera, ndipo siifuna thandizo la kunja kuti iyambike. Mkulu wa mpingo poyendera dera lake amafunsa kale ngati banja lipemphera, ngati ana apita ku Sande Sukulu, ngati pangano laperekedwa. Aonjeze funso limodzi: kodi m'nyumba muno onse ali ndi zikalata? Mayankho afike ku bwalo la mpingo ndi kulembedwa, monga momwe milandu ilembedwera. Atumiki apatule gawo la thumba la osauka likhale la ulendo wopita ku ofesi ya kalembera, pakuti kaŵirikaŵiri chotsekereza si lamulo koma mtengo wa basi wa anthu atatu, mwana, kholo ndi mboni, ndi kubwezedwa kaŵiri kapena katatu. M'mipingo ya m'mizinda muli aphunzitsi, makalaliki ndi odziŵa malamulo, adzukulu a omwe aja ananyamula fosholo. Iwo aitanidwe ndi dzina kudzatumikira pa ntchitoyi. Ndipo pamene Presbiterio yasonkhanitsa maina ndi zokanizidwa zake, Sinodi idzakhala ndi chonena kwa boma, pamodzi ndi mipingo inzake, osati mau a mphepo koma maina a anthu ndi malo awo.

Pali chiyeso chimodzi chimene chiyenera kutchulidwa. Si onse a m'makomboni ali Akristu a CCAP. Ambiri mwa zidzukulu za matchona ali Asilamu. Ena ali a gule wamkulu, amene bwalo la mpingo lakhala likutsutsana nawo kuyambira kale. Ena anadulidwa mu mpingo zaka zapitazo, nachita manyazi kubwerera. Mpingo ukathandiza ziŵalo zake zokha za mbiri yabwino, udzakhala bungwe la maliro lokhala ndi nyimbo. Munthu wodulidwa chifukwa cha moŵa sanafafanizidwe m'buku la ubatizo, ndipo mlembi alibe ufulu wommana kalata yake kufikira atabweza ngongole ya mapangano. Mlendo wa m'Levitiko sanafunsidwe za chipembedzo chake asanakunkhe.

Nthumwi za Nkhoma, Blantyre, Livingstonia ndi Zambia zisayese kuti mlandu uno ndi wa Harare yokha. Makalata aja amene anyamata ananyamula anatuluka m'mabuku a mipingo yawo, ndipo nkhalamba yofuna kudziŵa kwawo kwa atate wake ingathandizidwe ndi mlembi wa ku Kongwe kapena ku Ekwendeni, akalandira funso nalisamala. Njira ya matchona nayonso sinatsekeke. Inangotalikira ku Johannesburg ndi ku Durban, kumene alendo anamenyedwa ndi kuphedwa m'zaka za 2008, 2015 ndi 2019. Ndiponso m'boma la Dowa, momwemo muli Mvera, muli msasa wa Dzaleka, wotsegulidwa m'chaka cha 1994, mmene mwabadwira ana a othaŵa nkhondo a ku Congo, Burundi ndi Rwanda osadziŵa dziko lina. M'chaka cha 2023 amene anali kukhala m'mizinda anagwidwa ndi kubwezedwa ku msasawo. Wodandaula za chilembo A pa chitupa cha mphwake ku Zimbabwe ayang'anenso za mlendo wa pa khomo pake.

Chofunika msanga koposa ndicho kupulumutsa mabukuwo. Pepala la zaka 70 liopa chiswe ndi mvula yodontha, ndipo inki ya abusa akale irikuzimirira. Presbiterio iri yonse itume anthu aŵiri, mmodzi wodziŵa kuŵerenga zolemba za kale ndi Chicheŵa cha kale, wina wachinyamata wodziŵa kujambula masamba ndi kuwasunga pa kompyuta, kuti buku liri lonse likhale ndi linzake ku likulu la Sinodi. Ayambire ku timipingo ta m'mafamu ndi m'migodi timene tinabalalika pakati pa 2000 ndi 2005, pakuti mabuku ake angakhale ali m'sutikesi ya mkulu wa mpingo wokalamba, kapena ya mkazi wake wamasiye, amene yekha adziŵa kuti Phiri wolembedwa pa tsamba lakuti ndi atate wa yani.